Golide wa Mafumu a ku Spain ndi Khasu la kwa Kaphuka

Mvula yoyamba ikagwa m'mapiri a Dedza, anthu a m'dera la Mfumu Kaphuka amalaŵirira ku minda. Khasu likamatembenuza nthaka, nthaŵi zina limafukula zinthu zimene mwini munda sanabzale: phale la mbiya yakale, mkanda, zotsalira za ng'anjo, kapena kachitsulo kozungulira kodetsedwa ndi dothi. Pamenepo mtima wa mlimi umagunda, pakuti ndani sanamvepo nthano za chuma chimene azungu akale anakwirira m'mapanga? Ndipo kumene kuli nthano zotere sikusoŵa munthu wochenjera pakamwa, wobwera ndi kandalama koŵala m'kansalu, nati ndi golide wa mafumu a ku Spain, wogula asachedwe.

Ndalama za golide za mafumu a ku Spain zilipodi, ndipo zina mwa izo nzosoŵa kwambiri kotero kuti zimasungidwa m'nyumba za chifumu ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Nkhani ya lero ikulongosola za ndalama zimenezi, kumene golide wake ankachokera, chifukwa chake zinasoŵa, ndi chifukwa chake chuma chakale cha dziko lino chinali cha mtundu wina.

Mau amene amanyamula mbiri

Nkhaniyi iyambire pakamwa pa Mcheŵa. Akatswiri a ziyankhulo amati liu lakuti "ndalama" linachokera ku liu la Chiarabu lakuti dirham, dzina la ndalama ya siliva ya Aluya, ndipo linafika kuno kudzera m'malonda a ku gombe la nyanja yamchere. Kwa Ashona a ku Zimbabwe liu lomweli, ndarama, limatanthauza golide. Tsidya la malire, ku Mozambique, ndalama imene anthu a ku Dedza amaiona pa msika imatchedwa metical kuyambira m'chaka cha 1980. Dzina limeneli ndi la muyeso wakale wa Aluya wotchedwa mithqal, wolemera magalamu anai ndi pang'ono, umene amalonda ankayesera fumbi la golide pa Sofala ndi m'chigwa cha Zambezi. Muyeso womwewo ndiwo unali maziko a ndalama ya golide ya Asilamu yotchedwa dinar, ndipo dinar ndiye kholo la ndalama za golide za ku Spain. Choncho mlimi wa kwa Kaphuka akamaŵerenga ndalama zake, amatchula liu la m'banja limodzi ndi nkhani imeneyi.

Golide wowoloka chipululu

Zaka za m'ma 1100 kulibe dziko limodzi lotchedwa Spain. Kumpoto kunali maufumu a Akhristu, monga Castile, León ndi Aragon, pamene kumwera kunali m'manja mwa Asilamu. M'chaka cha 1086 gulu la Asilamu lotchedwa Almoravid, lochokera ku chipululu cha Sahara, linawoloka nyanja kuchokera ku Morocco, ndipo patapita zaka zochepa linayamba kulamulira kumwerako. Anthu ameneŵa anali atagwira njira za ngamira zopita ku maiko a golide a kumadzulo kwa Africa, kumene anthu akuda ankakumba ndi kusefa golide m'madera a Bambuk ndi Bure, m'zigwa za mitsinje ya Senegal ndi Niger. Amalonda ankapita kumwera ndi mchere, nsalu ndi mkuwa, nabwerako ndi golide. Ulendo wowoloka chipululucho unkatenga pafupifupi miyezi iŵiri.

Ndalama za golide za Almoravid zinali zokhulupirika kotero kuti ngakhale adani ao Achikhristu ankazikonda. Pamene zinayamba kusoŵa, Mfumu Alfonso VIII wa ku Castile analamula, cha m'ma 1172, kuti mu mzinda wa Toledo asule zake. Chodabwitsa nchakuti anazilemba m'zilembo za Chiarabu, chifukwa amalonda anali atazoloŵera maonekedwe amenewo, koma mau ake anali a Chikhristu, otchula Papa ndi Utatu Woyera, ndipo pamwamba panali mtanda. Ndalamayo inatchedwa morabetino, kapena maravedí, potengera dzina la Almoravid. Omvera asasokonezeke: maravedí ndi Maravi ndi maina ongofanana kamvekedwe, palibe ubale pakati pao.

Pambuyo pa Almoravid kunabwera gulu lina lotchedwa Almohad, limene linasula dinar yolemera koposa, ya magalamu pafupifupi 4.6. Mafumu a ku Castile anaitengera m'zaka za m'ma 1200, naitcha dobla, kutanthauza chinthu choŵirikiza. Dobla ndiyo inakhala ndalama yaikulu ya ufumuwo kwa zaka zoposa 200. Golide wake anali woyengeka bwino: pa magawo 24, oposa 23 anali golide weniweni.

Anthu a ku Spain ankadziŵa kumene chuma chimenechi chinkachokera. M'chaka cha 1375, pa chilumba cha Majorca, panajambulidwa mapu otchuka otchedwa Catalan Atlas, amene lero akusungidwa ku Paris. Pa mapuwo, kumwera kwa chipululu, pakhala mfumu yakuda yovala chisoti, itanyamula golide m'dzanja. Ameneyo ndi Mansa Musa wa ufumu wa Mali, amene ulendo wake wa ku Mecca wa m'chaka cha 1324 unasiya mbiri ku Cairo chifukwa cha kuchuluka kwa golide amene anagaŵa. Nkhope za pa ndalama zinali za mafumu a ku Ulaya, koma thukuta la m'ndalamamo linali la ana a Africa.

Mafumu ndi ndalama zao

Mwa ndalama zonse za nthaŵiyo, yomveka koposa ndi ya Mfumu Pedro I, amene analamulira Castile kuyambira 1350 mpaka 1369. Dobla yake wamba inali ndi mutu wa mfumu wovala chisoti mbali ina, ndipo mbali inayo inali ndi nyumba za malinga ndi mikango, zizindikiro za Castile ndi León. Koma mu mzinda wa Seville anasulitsanso ndalama yaikulu, yolingana ndi madobla khumi, yolemera pafupifupi magalamu 45. Pa ndalamayo palembedwa chaka cha 1398, koma chaka chenicheni ndi 1360, chifukwa kaŵerengedwe ka zaka ka ku Spain ka nthaŵi imeneyo kanali patsogolo ndi zaka 38. Ndalama yotere sinali yogulira mkate pa msika. Inali mphatso ya chifumu, yoonetsera ulemerero. Imodzi ikusungidwa ku Madrid, m'nyumba ya boma yosungiramo zinthu zofukulidwa. Mwini wake sanaidyerere nthaŵi yaitali: m'chaka cha 1369 anaphedwa pa Montiel ndi mbale wake wa bambo mmodzi, Enrique, amene analanda mpando.

Ku Aragon, Mfumu Pedro IV anayamba kusulitsa ndalama yotchedwa florín m'chaka cha 1346, potengera ndalama ya mzinda wa Florence ku Italy. Poyamba inali yoyengeka, koma nkhondo zitamdyera chuma, mfumuyo inachepetsa golide wake. Ku Castile nakonso, pa nthaŵi ya Juan II, amene anakhala pa mpando kuyambira 1406 mpaka 1454, kunatuluka dobla de la banda, yokhala ndi chishango cha mzere wopingasa, imene golide wake anali magawo 19 okha pa 24. Pa nthaŵi ya mwana wake, Enrique IV, zinthu zinafika poipa. Pofuna kugula mitima ya nduna zake m'kati mwa nkhondo ya pachiŵeniŵeni, mfumuyo inalola anthu ambiri kukhala ndi nyumba zosulira ndalama, ndipo dziko linadzala ndi ndalama zosakaniza ndi mkuwa. Amalonda anayamba kuzikana, mitengo inakwera, wosauka ndiye analira. M'chaka cha 1471 lamulo lopangidwa ku Segovia linasiya nyumba zosulira zisanu ndi imodzi zokha: Burgos, Toledo, Seville, Segovia, Cuenca ndi La Coruña. Iliyonse inali ndi chizindikiro chake: S wa Seville, T wa Toledo, B wa Burgos, mlatho wa madzi wa Segovia, chikho cha Cuenca ndi chigoba cha nkhono cha La Coruña.

Phunziro lake nloonekeratu. Ndalama imakhala ndi mphamvu pamene anthu akuikhulupirira. Mfumu ikabera muyeso, imabera anthu ake omwe.

Amene anakonza zinthu ndi Isabel wa ku Castile ndi Fernando wa ku Aragon, amene anakwatirana m'chaka cha 1469. M'chaka cha 1492 anagonjetsa Granada, ufumu wotsiriza wa Asilamu m'dzikomo, ndipo chaka chomwecho Christopher Columbus anawoloka nyanja ya Atlantic. M'chaka cha 1497, pa Medina del Campo, analengeza lamulo latsopano la ndalama. Muyeso wa dobla, wotengera kwa Aluya, unasiyidwa, ndipo m'malo mwake munabwera excelente, yolemera magalamu pafupifupi 3.5 monga ducat ya ku Venice, mtengo wake mamaravedí 375. Pa ndalamayo mfumu ndi mfumukazi akupenyana maso ndi maso, ndipo pansi pa chishango pali khangaza, chipatso choimira Granada.

Chifukwa chake zinasoŵa

Golide sachita dzimbiri, saola, sadyedwa ndi chiswe. Nanga ndalama zimenezi zinapita kuti? Yankho nlakuti mdani wa ndalama ya golide ndi moto wa wosula. Mfumu yatsopano ikaloŵa, ndalama za mfumu yakale zinkasungunulidwa kuti asulire zina. Ndalama zabwino zikakumana ndi zosakaniza, anthu ankabisa zabwinozo kapena kuzisungunula, nagulira zinthu ndi zoipazo. Zina zinapita kunja kukalipira ngongole ndi asilikali, zina zinasanduka mphete ndi zikho za m'matchalitchi. M'chaka cha 1537 Mfumu Carlos anakhazikitsa ndalama ina yotchedwa escudo, ndipo golide wa ku America anali atayamba kusefukira. Zakalezo zinatha pang'onopang'ono. Zimene zatsala ndi zija zinakwiriridwa m'mitsuko pa nthaŵi ya nkhondo, eni ake nafa osazifukula, ndi zina zimene zinasungidwa m'nyumba za akuluakulu.

Njira ya Zambezi

Pamene golide wa kumadzulo ankawoloka Sahara, kumwera kuno kunalinso njira ina. Golide wa m'mapiri a Zimbabwe ankatsikira ku Sofala, nakwera ngalaŵa kupita ku Kilwa, pa gombe la Tanzania. Anthu a ku Mapungubwe, m'mbali mwa Limpopo, anasula chipembere cha golide zaka za m'ma 1200. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafika pa Kilwa m'chaka cha 1331 napeza mzinda wolemera. Khobidi la mkuwa la mfumu ya Kilwa ya nthaŵi imeneyo, al-Hasan bin Sulaiman, linapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Ku Zambia, pa Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, anthu ogwira ntchito anatulukira manda m'chaka cha 1960, ndipo m'mandamo munali mikanda ya golide ndi mipiringidzo ya mkuwa yooneka ngati mtanda.

Koma golide wa njira imeneyi sanapite kwa mafumu a ku Spain. M'chaka cha 1494, pa pangano la Tordesillas, Spain ndi Portugal anagaŵana dziko lapansi ngati anthu ogaŵana nyama imene sanaphe: kumadzulo kwa mzere kwa Spain, kum'maŵa, kuphatikizapo gombe lonse la Africa, kwa Apwitikizi. Vasco da Gama anadutsa gombe la Mozambique m'chaka cha 1498. Pa ulendo wachiŵiri, m'chaka cha 1502, anakakamiza mfumu ya Kilwa kupereka msonkho wa mamithqal 1,500 a golide, ndipo golide ameneyo anasulira chiŵiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chinatha m'chaka cha 1506 ndipo chikuoneka ku Lisbon kufikira lero. M'chaka cha 1505 Apwitikizi anamanga linga pa Sofala, ndipo m'zaka za m'ma 1530 anali atakhazikika pa Sena ndi pa Tete. Dyera linawatengera patali. Francisco Barreto anabwera ndi gulu la nkhondo kudzalanda migodi ya Mwene Mutapa, koma malungo anatha asilikali ake, ndipo iye mwini anafera pa Sena m'chaka cha 1573.

M'chigwa cha Zambezi golide ankayenda ngati fumbi, loyesedwa pa sikelo, ndipo ankasinthanitsidwa ndi nsalu za ku India ndi mikanda. Munthu wa kumudzi analibe nayo ntchito ndalama yosula yokhala ndi mutu wa mfumu yachilendo.

Chuma cha Amaravi

Kutsika phiri kuchokera kwa Kaphuka kuloŵera ku nyanja, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga. Katswiri wa zofukula wa dziko lino, Dr Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo, ndipo zimene anapeza anazilongosola m'buku lake la m'chaka cha 2020. M'nthakamo munatuluka mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa, zitsulo, ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Umenewo ndi umboni wakuti Acheŵa a m'boma la Dedza anali pa malonda ndi dziko lonse zaka 400 kapena 500 zapitazo. Chuma chao chinali minyanga, makasu osulidwa m'ng'anjo zao, mchere, ndi nsalu za thonje zotchedwa machira, zimene zinkafunidwa kwambiri kumwera kwa Zambezi. Khasu linali ndalama: linkagula chakudya, linkalipira mlandu, ndipo likatha ntchito ya malonda linkapita ku munda.

Apwitikizi ankadziŵa mphamvu za Amaravi. Mfumu Muzura anawathandiza ndi ankhondo ake m'chaka cha 1608, ndipo Gaspar Bocarro anachezera mfumuyo m'chaka cha 1616 pa ulendo wake wa pamtunda wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Golide atapezeka kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi, m'zaka za m'ma 1700, anthu a ku Tete anatsegula migodi yao imene inkakumbidwa ndi akapolo, makamaka akazi. Eni migodi anabwera ndi asilikali ao a Chikunda, ndipo m'kupita kwa nthaŵi mphamvu za Undi zinachepa. Golide anatuluka, dziko linatsala ndi maenje.

Kusiyanitsa chenicheni ndi chonyenga

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu woonetsedwa ndalama yoŵala akumbukire zinthu zingapo. Choyamba ndi kulemera. Golide ndi wolemera kuposa mkuwa wachikasu koposa kaŵiri, kotero kuti ndalama yonyenga yolingana kukula ndi yeniyeni imapepuka pa sikelo. Dobla yeniyeni ndi yopyapyala, ya magalamu osafika asanu. Chachiŵiri ndi kapangidwe. Ndalama zakalezo zinkasulidwa imodziimodzi: kachidutswa ka golide kankaikidwa pakati pa zidindo ziŵiri, wosula namenya ndi nyundo. Motero palibe ziŵiri zofanana ndendende, ndipo m'mbali mwake simukhala mosalala ngati mwa makobidi a masiku ano. Munthu akatulutsa ndalama zisanu zofanana ngati mapasa, zatuluka m'chikombole chimodzi. Zothiridwa m'chikombole zimakhalanso ndi kamzere m'mbali ndi timaenje pankhope. Chachitatu ndi chaka. Ndalama zambiri za nthaŵi imeneyo zilibe chaka konse. Chachinai ndi mbiri ya chinthucho. Ogula enieni a ku Ulaya amafuna makalata osonyeza manja onse amene ndalama yadutsamo. Ndalama ya mtengo wa nyumba sigulitsidwa madzulo kuseri kwa golosale.

Wogulitsa ng'ombe zake, kapena wopinyolitsa munda wa mbatata ya kachewere, pofuna kugula kandalama kotere, adzazindikira mochedwa kuti safunsa anadya phula.

Kutaya kwina nkoposa kumeneku. Mapanga a Chongoni, amene ali pakhomo pa anthu a kwa Kaphuka, ali ndi malo 127 a zojambula za pa miyala, zina za Akafula, zina za Acheŵa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Pansi pa mapangawo nthaka inasanjikana ngati masamba a buku: chapansi nchakale, chapamwamba nchatsopano. Wofukula wophunzira amaŵerenga masamba amenewo ndi kudziŵa kuti mkanda uwu unafika liti, mbiya iyi inaumbidwa ndi ayani. Wofuna chuma akaloŵetsa piki usiku umodzi, amang'amba buku lonse, golide osampeza, ndipo palibe angalisokenso. Chimodzimodzinso wosungunula chinthu chakale: amatsala ndi kachitsulo ka mtengo wochepa, mbiri yonse itapsa. Moto umene unatha madobla a ku Castile ungathenso zotsala za Amaravi.

Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale limaletsa kukumba malo otere, kapena kutulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko, popanda chilolezo cha boma. Wopeza chinthu chachilendo m'munda achisiye monga chiliri, asachipale ndi mchenga kapena kuchiviika m'mankhwala, aike chizindikiro pamalopo, nakauze nyakwaŵa. A mfumu adzatumiza mau kwa Bwanamkubwa wa boma ndi ku dipatimenti yoona za zinthu zakale. Kungakhale kuti ndi khobidi la nthaŵi ya atsamunda, la chiboo pakati, limene agogo anataya pobwera ku msika. Kungakhalenso mkanda umene unayenda kuchokera ku India, nudutsa Tete, nukwera mapiri kudzafika m'khosi mwa mayi wa Chicheŵa zaka mazana zapitazo. Mkanda wotero sugula ngakhale nkhuku, koma umauza ana a sukulu kuti makolo ao sanali anthu otsekeredwa m'tchire.

Mfumu Pedro anasulitsa ndalama yaikulu kuti dzina lake lisaiŵalike, ndipo lero ndalamayo yagona m'galasi ku Madrid, alendo naisuzumira. Anthu amene anasefa golide wake m'mitsinje ya kumadzulo kwa Africa maina ao sanalembedwe paliponse. Makolo a ku Mankhamba ndi ku Chongoni nawonso sanasiye mitu yao pa ndalama. Anasiya mapale, mikanda, ng'anjo ndi zojambula. Zimenezo zili m'manja mwa alimi amene maŵa m'maŵa adzanyamulanso makasu kupita ku minda.